Kagalasi Koyezera Mkaka

Panali munthu wina kudera la kumapiri, kumene mame sauma msanga ndipo mphepo ya m'mawa imaluma makutu. Munthuyo anali ndi ng'ombe imodzi ya mkaka, yamawanga akuda ndi oyera. Analinso ndi mkazi, dzina lake Nangozo, amene anamutenga chitengwa kuchokera kuseri kwa phiri. Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, ndipo anamutcha Mtisunge. Pa nthawi ya nkhaniyi mwanayo anali akukwawa. Nthawi zina ankagwira mwendo wa mpando n'kuimirira, kenako n'kugwa chokhala, n'kumaseka yekha.

Ntchito m'banjamo inali yogawana. Kukacha, mwamuna ankatenga chikwanje n'kutsikira kudimba kukadula nsenjere. Mkazi ankafunditsa madzi m'kabeseni, kutsuka mawere a ng'ombe, kuwapukuta, kenako n'kuyamba kukama. Ng'ombeyo inazolowera manja ake. Iye akangokhala pansi n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo, iyo inkaima duu, mkaka n'kumatsika wokha. Mwamuna pobwera ndi mtolo wa udzu ankapeza chigubu chitatsekedwa kale. Ankachisenza n'kuyamba ulendo wokapereka mkaka ku gulu la alimi.

Malo a gululo anali kutali. Ankatsika chigwa, kuwoloka mtsinje, n'kukwera mtunda wina, ndipo pofika dzuwa linkakhala litakwera. Kumeneko mkaka sunkalandiridwa usanayezedwe. Woyeza ankatungako pang'ono, kuthira m'botolo lalitali, n'kuikamo kagalasi kamene alimi ankakatchula kuti lakitomita. Kagalasiko kanali ndi mimba yolemera pansi ndi khosi lalitali lamizeremizere. Mkaka weniweni ndi wolemera kuposa madzi, choncho umakakweza kagalasiko, khosi lake n'kutulukira pamwamba. Koma mkaka wothira madzi umapepuka, ndipo kagalasi kamamira mpaka mzere wofiira wa pakhosi pake kubisika. Mzerewo ukabisika, mkaka wakanidwa, ndipo mwini wake amabwerera nawo anthu akumuyang'ana.

Mkaka wa munthuyu sunakanidwepo. Iye ankanyadira zimenezi kuposa munda, kuposa malata a padenga. Ankakonda kuima pafupi ndi woyeza, manja kumbuyo, n'kumayang'ana mzere wofiira uli poyera.

"Mkaka wa kwathu sudziwa madzi," ankatero.

Kenaka gulu linatsegula malo ena osonkhanitsira mkaka, kuti alimi a mbali imeneyo asamavutike ndi mtsinje. Malowo anawamanga m'mudzi mwa munthu uja, kuseri kwenikweni kwa khola lake. Ng'ombe yake ikalira, woyeza ankaimva. Woyezayo anali bambo wina wa mudzi woyandikana, wofatsa, amene anali atangophunzira kumene ntchitoyo. Munthu uja anakondwa kwambiri. Anauza mkazi wake kuti tsopano palibe amene adzamuyambirire pamzere.

Tsiku lotsegulira, mkazi atangotseka chigubu, iye anachinyamula n'kuthamanga nacho. Anafikadi woyamba. Woyeza anatunga mkaka, thovu lidakali pamwamba, n'kuikamo kagalasi. Kagalasi kanatsika. Kanatsikabe. Mzere wofiira unalowa mumkaka ndipo sunatulukenso.

"Muli madzi umu, bambo," anatero woyeza motsitsa mawu.

Munthu uja anaseka, poganiza kuti akumuselewula. Koma woyeza sanaseke. Anamulozera botolo kuti aone yekha. Alimi ena anali atayamba kufika, ochokera m'midzi yakutali, ndipo mkaka wawo unkalandiridwa wonse. Wake wokha ndiye unabwerera.

Mawa lake zinachitikanso. Mkuja wake chimodzimodzi. Anzake pamzere anayamba kumuseka.

"Achimwene, ng'ombe yanuyi ili ndi mawere angati? Lachisanulo si mjigo?"

"Musiyeni inu, mwina ng'ombe yake imagona pamvula."

Munthu uja makutu ankamutentha. Wina amene ankaoneka ngati akumumvera chisoni anamukokera pambali.

"Inu simukama nokha, si choncho? Funsani wokamayo. Azimayi enawa amapatula kapu ya mkaka yokagulitsa kutiyirumu, n'kudzazitsa ndi madzi."

Mawu amenewa analowa mumtima mwake n'kukhazikika. M'mawa wotsatira sanafike kudimba. Anabwerera panjira n'kubisala m'nthochi za kuseri kwa khola. Anaona mkazi wake atakhala pansi pa ng'ombe, mwana kumbuyo, akukama. Pambali pake panali chigubu. Pambali pa chigubu panali kabeseni ka madzi. Sanamuone akuthira. Koma kabeseniko, kamene kankakhala pomwepo m'mawa uliwonse chiyambire, tsiku limenelo kanamuonekera ngati umboni.

Anatuluka m'nthochimo.

"Madzi awa ndi a chiyani?"

Mkazi anadzidzimuka. "Otsukira mawere, abambo a Mtisunge. Monga masiku onse."

"Nanga amene akupezeka mumkaka akuchokera kuti?"

"Sindikudziwa. Ine sindinathirepo madzi mumkaka, ngakhale dontho."

"Kagalasi sikanama. Kalibe m'bale, kalibe mdani. Wonama ndi munthu."

Mkazi anasiya kukama. Anamuyang'ana m'maso.

"Ndiye munthuyo ndine?"

Iye ananyamula chigubu n'kupita. Mkaka unakanidwanso, ndipo ulendo uno akuluakulu a gulu anamuuza kuti ayambe wapuma. Asabweretsenso mkaka kufikira mwezi utatha, akakonze za kunyumba kwake. Ananena zimenezi pagulu.

Munthu uja anabwerera ali ndi moto m'chifuwa. Sanaitane ankhoswe. Sanakhale pansi. Anaima pakhomo n'kulankhula ndi mkazi wake mawu amene anali asanamulankhulepo.

"Longedza. Uzipita kwanu. Wandivula pamaso pa anthu."

Nangozo sanakuwe. Anamanga zovala zake ndi za mwana m'chitenje. Anabereka mwana. Atafika pakhola anaima, n'kusisita ng'ombe pakhosi.

"Musamaikalipire pokama," anatero osatembenuka. "Imabisa mkaka."

Podutsa pafupi ndi mwamuna wake, mwana anatambasula kadzanja kufuna kugwira chipewa cha bambo ake, monga ankachitira nthawi zonse. Munthu uja anayang'ana kumbali. Mayi ndi mwana anatenga njira ya kuphiri.

Masiku otsatira iye anauza aliyense womufunsa, ngakhale amene sanamufunse. Anauza a kumsika, a kuchigayo, a pamzere wa mkaka.

"Wakuba ndamupeza. Anali m'nyumba momwe. Ndamuchotsa."

Ena anagwedeza mutu momuvomereza. Ena anangoyang'ana pansi. Nkhani inakwera phiri n'kukafika kwawo kwa mkaziyo, ndipo kumenekonso anthu anayamba kumuloza Nangozo akamapita kumadzi.

Munthu uja anaphunzira kukama. Poyamba ng'ombe inkamuponda n'kubisa mkaka. Pang'ono ndi pang'ono inamulola. Mkaka wina ankapatsa thole la ng'ombeyo, wina ankagawira oyandikana nawo. M'nyumba munali zii. Mpando uja unangokhala pakona, wopanda wougwira mwendo. Nthawi zina ankapezeka akuuyang'ana, koma ankadziuza kuti dzina la munthu ndi lofunika, ndipo tsiku lobwerera ku gulu onse adzaona.

Tsikulo litayandikira anakonzekera ngati wopita kumlandu. Chigubu anachitsuka dzulo lake n'kuchivundikira padzuwa mpaka chinauma gwa. M'mawa sanalole madzi kuyandikira khola. Kabeseni kaja anakaponya kudzala. Mawere a ng'ombe anangowapukuta ndi nsalu youma. Anakama ndi manja ake, kutseka chigubu ndi manja ake, n'kuthamanga nacho chikadali chofunda pachifuwa pake. Anafika woyamba. Anadikira dala kuti anthu achulukeko pang'ono, koma mtima sunamulole kudikira nthawi yaitali.

"Lero muone mkaka wokama mwini wake," anatero mokweza.

Woyeza anatunga, kuthira m'botolo, n'kuikamo kagalasi. Munthu uja anaika manja kumbuyo.

Kagalasi kanatsika. Mzere wofiira unakhudza mkaka, unalowa, unabisika. Kanaima malo omwe aja kankaima masiku amene ankakama mkazi wake.

Munthu uja anangoti kakasi.  Anayang'ana botolo, anayang'ana manja ake, anayang'ananso botolo.  

Kumbuyo kwake wina anati, "Paja wakuba munamuchotsa. Nanga awa wathira ndani?"

Anthu ochepa anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Nkhope ya munthuyo inali ngati ya amene wauzidwa za maliro.

Anakoka chigubu n'kukakhala nacho kuseri kwa nyumba ya gululo, kumthunzi, kumene mphepo ya mwera inkawomba. Kunyumba sakanatha kupita. Akanakalowa bwanji m'nyumba imene anaikhuthula ndi pakamwa pake? Anaganiza zoti mwina ng'ombe yadwala. Anaganiza zoti woyeza amamuda. Anaganiza zoti wina wamuchita chipongwe cha mankhwala. Koma maganizo onsewa akatha, pansi pake pankatsala chinthu chimodzi: mkazi uja ananena kuti sanathire, ndipo lero mkaziyo kunalibe.

Dzuwa linakwera. Alimi ochokera kutali anabwera, mkaka wawo unayezedwa, unalandiridwa. Ena anatsalira pakhonde kudikira galimoto yodzatenga mkaka. Woyeza anayamba kutsuka ziwiya zake. Pamenepo munthu uja anadzuka, n'kubwera ndi chigubu chake mwakachetechete.

"Ndiyezereninso."

"Mkaka womwe uja? Kagalasi sikasintha maganizo, bambo."

"Ndikudziwa. Ndingofuna kuonanso ndi maso anga."

Woyeza anamumvera chisoni. Anatunga, kuthira, kuikamo kagalasi. Kagalasi kanamira pang'ono, kenako kanadzuka. Kanagwedera uku ndi uku, n'kuima. Khosi lake linali pamwamba. Mzere wofiira unali poyera, wouma, woonekera kwa aliyense.



Woyeza anatulutsa kagalasi, kukapukuta, kukaikanso. Kanayandamanso chimodzimodzi. Anayang'ana chivundikiro cha chigubu, ngati kuti wina wasintha mkakawo. Kenako anaika chikhatho pachigubupo. Chinali chozizira ngati mwala wa kumtsinje. Dzanja lomwelo analichotsa n'kugwira nalo pakamwa.

"Mayo ine! M'mawa muja chigubuchi chinali chofunda, eti?"

"Ndinali nditangokama kumene."

"Ndi masiku ena aja?"

"Masiku onse. Khola langa ndi ilo."

Woyeza anakhala pansi pa benchi ngati wamenyedwa.

"Anatiuza pophunzira paja. Mkaka wongotuluka kumene m'ng'ombe, wofunda, wathovu, umakhala wopepuka. Kagalasi kamamira ngati muli madzi. Umayenera uyambe wazizira. Ine zinandichoka m'mutu, chifukwa anthu onsewa amabwera nawo utazizira kale panjira. Inu nokha ndi amene mumafika nawo wamoto. Bambo, mumkaka mwanu simunakhalepo madzi."

Munthu uja anakumbukira njira yakale ija. Chigwa, mtsinje, mtunda, mphepo. Zaka zonsezo njira ndi imene inkamuziziritsira mkaka, iye osadziwa. Chimene chinasintha sanali mkazi wake. Chinasintha ndi kutalika kwa ulendo. Ndipo amene ankathamanga ndi chigubu kuti akhale woyamba anali iye mwini.

"Bweretsani, ndaulandira," anatero woyeza. "Ndikauza akuluakulu kuti cholakwa ndi changa. Dzina lanu liyera."

Anatambasula dzanja kuti atenge chigubu. Munthu uja anachigwira osachisiya. Anatembenukira kwa anthu amene anali pakhonde, omwe aja anawauza kuti wakuba wamupeza.

"Inu nonse munandimva ndikunena za mayi a Mtisunge," anatero. "Ndinanama. Sanathirepo madzi. Anandiuza zoona, ine ndinamuthamangitsa ndi mwana kumbuyo. Kumene munakafikitsa mawu anga oyamba aja, mukafikitsekonso awa."

Palibe anaseka. Uja wa nkhani ya kutiyirumu anayang'ana kumapazi ake.

Munthu uja anasenza chigubu. Sanalowere kunyumba. Anatenga njira ya kuphiri, yomwe anadzera mkazi wake.

Anafika dzuwa litapendeka. Pakhonde panali amalume ake a Nangozo, akusoka mphasa. Munthu uja anatula chigubu, anavula chipewa, n'kugwada pabwalo, pafumbi. Mkuluyo anamuyang'ana osamupatsa mpando. Anaitana mwana wa mlongo wakeyo. Nangozo anatuluka kuseri kwa nyumba, manja ali ndi gaga. Anali ataonda.

Munthu uja anafotokoza zonse, osabisa kanthu: chigubu chouma, nsalu youma, kagalasi komira m'mawa n'kuyandama masana. 

"Ine ndinakuuzani tsiku lomwelo," anatero Nangozo. "Mwadikira kuti galasi likuuzeni."

Iye anaweramitsa mutu.

Ali chiweramire anamva kaphokoso pakhomo la nyumba. Anadzutsa maso. Mtisunge anali ataima pakhomopo, osagwira kanthu. Anaponya phazi limodzi, kenako linalo. Anatsika kakhonde, manja ali m'mwamba, akudzandira, n'kuyamba kudutsa bwalo ndi miyendo yake.

Munthu uja anatembenukira kwa mkazi wake.

"Akuyenda? Anayamba liti?"

"Papita masabata," anatero Nangozo. "Anayambira pamtondo apo kufika pakhondepa. Anamuwakha ndi amalume."

Munthu uja anatambasula manja. Mwana anaima. Anamuyang'ana monga mwana ayang'anira mlendo.  Anatembenuka n'kuthamangira kwa amake, n'kubisa nkhope m'chitenje, akulira.

Manja a munthu uja anatsala m'malere. Kumira kwa kagalasi kunamudzidzimutsa. Kuyandama kwake kunamudzidzimutsa koposa. Koma ichi chinamuthyola. Analira pamaso pa apongozi ake, osabisa nkhope.

Mkulu uja anaika singano pansi.

"Nkhani iyi munaichotsa panjira yake, mkamwini. Muibwezere panjira yake. Mukatenge ankhoswe anu, tidzakhale pansi. Nangozo ndi mwanayu sachoka pano lero, kapena mawa."

"Ndamva, bambo. Ndidikira."

Nangozo anatenga chigubu chija n'kulowa nacho kukhitchini. Patapita nthawi anatuluka ndi kapu ya mkaka wowiritsa. Sanampatse mwana. Anaiika m'manja mwa mwamuna wake.

"Ngotentha," anatero. "Muyambe mwauzira."

Munthu uja anakhala pansi pafumbi pomwepo n'kuyamba kuuzira. Sanamuitane mwanayo. Sanamukoke. Anangouzira, n'kudikira, n'kulawa pang'ono, n'kuuziranso. Mwana anasuzumira kuseri kwa chitenje. Anayang'ana kapu. Anayang'ana chipewa chimene chinali pansi pambali pa bondo la munthuyo. Kenako anasiya chitenje cha amake, n'kuyamba kubwera, phazi limodzi, kenako linalo.

Ankhoswe atakhala pansi ndi kuikamba nkhani mpaka kuitha, Nangozo anabwerera kunyumba kwake. Kuyambira pamenepo, akakama, chigubu chinkayamba chakhala pamthunzi, m'beseni la madzi ozizira. Munthu uja ankakhala womaliza pamzere, ndipo sankadandaula.

Abale anga, makamaka inu amene mwangoyamba kumene banja monga ine, ndi inu amene m'nyumba mwanu muli kamwana kokwawa: kagalasi kaja sikananame. Kananena zoona za mkaka wofunda. Analakwa ndi anthu amene anakafunsa nthawi isanakwane, n'kutenga yankho lake kukaweruza nalo munthu. Tsiku lina nanunso mudzaona chinthu ndi maso anu, chooneka ngati umboni wosatsutsika, choloza munthu wa m'nyumba mwanu. Anzanu adzakhala akuseka, makutu akukutenthani. Tsiku limenelo musathamange. Ikani nkhaniyo pamthunzi. Dzifunseni chimene chasintha. Itanani akuluakulu. Ndipo munthu amene wakhala nanu zaka zonsezi akakuuzani kuti sanachite, mawu akewo muwayese olemera. Munthu wa m'fanizoli anapezanso mkazi wake, ndipo inunso mukalakwa njira ya kuphiri ilipo, musachite nayo manyazi. Koma mkaka anauyeza kawiri. Mapazi oyamba a mwana wake sanabwerezedwe.